Mainchesi Awiri M'kati mwa Msoko

Pakati pa tebulo langa la malonda ndi makina a Mayi Telala pali mapazi asanu ndi limodzi. Ndinayeza ndi tepi yawo yomwe tsiku limene ndinafika pakhonde limene timagwirirapo ntchito, iwo n'kuseka mpaka kuvula magalasi. "Abale, kamwana aka ndi Masamu," anauza wometa wa chipinda choyandikana nafe, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka lero. Ndimagulitsa sopo, mafuta odzola, mapadi, zipi, mabatani ndi ulusi. Ndinayamba ndi katoni imodzi zaka zitatu zapitazo, pano ndili ndi makatoni asanu, ndipo akadzakwana khumi ndidzapeza shopu yokhala ndi chitseko.

Mayi Telala ali ndi zaka 47. Ndi aafupi, magalasi awo ndi omangidwa ndi ulusi wakuda mbali imodzi, ndipo bondo lakumanja limalira akamadzuka chifukwa anayamba kupalasa makina ali kamtsikana. Amalankhula mapini ali kukamwa, moti kasitomala watsopano amangovomera asanamve kanthu. Pafupi nafe pali sukulu ziwiri za sekondale, ndipo pa atsikana khumi odutsa pamsewu m'mawa, asanu ndi awiri amakhala atavala siketi yotuluka pakhonde lathu.

Makolo amawakonda chifukwa cha chinthu chimodzi. Siketi iliyonse ya yunifolomu amaisiyira mainchesi awiri opindira m'kati mwa msoko wa m'chiuno, ndipo muyeso wa mwiniwake amaulemba ndi bolopeni kuseri kwa lamba. "Ana amakula," amatero. "Ikathina mungobweretsa ndimasule, osagulanso nsalu." Za m'sitolo zilibe zimenezo. Zikathina, zathina.

Chaka changa choyamba ndinaona atsikana anayi akubwera okha pakati pa teremu kudzamasulitsa, siketi ili m'kajumbo kakuda. Chaka chachiwiri anali asanu ndi anayi. Chaka chino teremu yachiwiri isanathe anali atakwana 17. Ndinali ndi kawerengedwe kanganso. Mtsikana wogula mapadi kwa ine mwezi ndi mwezi akasiya kubwera, pakapita miyezi itatu kapena inayi ndinkamuona ataima pamakina ndi kajumbo.

Tsiku lina ndinawauza Mayi Telala ziwerengerozi monyadira, ngati munthu amene watulukira njira yatsopano yopindulira. Analavulira mapini m'dzanja.

"Iwe ukuona 17, ine ndikuona nkhope. Takhala pansi."

Anandiuza kuti iwonso anatenga mimba ali ndi zaka 15. Sukulu inali kutali, ndipo dalaivala wina wa lole ya njerwa ankawakweza kutsogolo masiku a mvula. Mimba itaoneka, lole inasintha njira. Amalume awo anawabweretsera makina akale omwewa n'kuwauza kuti, "Nayi sukulu yako."

"Koma nthawi yathu zinkachitika mwa apo ndi apo," anatero. "Pano ndi mzere. Taona, sukulu zadzaza, theka la ana limaweruka 12 koloko. Amayi awo ali kuntchito m'nyumba za anthu kutsidya kwa tauni, amabwera cha m'ma 6. Mwana ali ndi kiyi wa nyumba pakhosi, njala m'mimba, m'thumba muli mbee. Ndi maola angati amenewo, Masamu?"

"Asanu ndi limodzi."

"Pa sabata?"

"Makumi atatu."

"Ndiye ukuganiza kuti amuna a mumsewu uno sadziwa masamu ngati iwe? Mwana akati akafunse zodzitetezera kuchipatala, pabenchi apeza woyandikana naye nyumba, nkhani n'kufika kwa amake iye asanafike."

Koma chimene chimawadya mumtima ndi mtsikana wina wa chaka chatha, wa kachipsera pachibwano. Anabwera kawiri. Ulendo woyamba anamumasulira inchesi imodzi, wachiwiri yotsalayo, osamufunsa kanthu, poganiza kuti akumuthandiza kuti afike pa mayeso. Siketi inabisa bwino moti ngakhale amake sanadziwe. Kusikelo sanapondeko ngakhale kamodzi. Mwezi wachisanu ndi chiwiri mapazi anatupa, tsiku lina anagwa m'kalasi n'kuyamba kuphupha, ndipo pofika naye kuchipatala panalibenso chochita.

"Ndinasoka bwino, Masamu," anatero akuyang'ana singano. "Palibe amene anaona msoko."

Kuyambira pamenepo anaika lamulo. Siketi ya yunifolomu samasula mwiniwake asanaime pamaso pawo n'kuyezedwa, ndipo tepi ikanena zachilendo amafuna munthu wamkulu wa kwawo. Atsikana anayamba kuwatcha Apolisi.

Ine zonsezi ndinkazimva ngati nkhani za eni. Kwathu tili atatu m'chipinda chimodzi chogawa ndi katani: amayi, amene amachapa ndi kusita m'nyumba ya anthu kutsidya kwa tauni, ine, ndi mng'ono wanga wa zaka 15 amene tonse timangomutcha Chitsiriza. Ali fomu 2, amaweruka 12 koloko, ndipo kiyi amavala pakhosi. Siketi yake anasoka ndi Mayi Telala, kuseri kwa lamba analemba 26.

Mwezi uliwonse Chitsiriza ankatenga paketi imodzi ya mapadi m'katoni yanga. Mwezi wina anatenga mapaketi awiri pa tsiku limene malonda anali ataipa, ndipo ndinamukalipira wometa ndi makasitomala ake akumva.

"M'katoni imeneyi mumalowa mapaketi 24, si chitsime ayi! Shopu ndidzaipeza liti ukamangotapa chonchi?"

Anabweza paketi imodzi n'kumapita. Ine dzuwa lisanalowe ndinali nditaiwala.

Lolemba lina ndinalawirira kukapikula katundu. Nditabwerera cha m'ma 9 ndinapeza makina ali chete, ndipo makina amenewo sakhala chete masana. Mayi Telala anali atangokhala, kajumbo kakuda kali pamiyendo.

"Tula kaye katunduyo."

"Kwagwanji, amayi?"

"Tula."

Anatulutsa siketi n'kutembenuza lamba. Panali 26 m'malembedwe awo opendama aja. Cham'mbali panali kachigamba kamene ndinasokerera ndekha itakodwa ndi msomali wa pachitseko chathu.

"Wadutsa nayo m'mawa popita kusukulu, atavala ina ya m'sitolo, akuti wabwereka. Akuti ndimasule onse awiri. Waiponya pamakina n'kuthawa ndisanagwire tepi."

Ndinakhala pa katoni ya sopo. Mutu wanga, umene supuma, unayamba kuwerenga wokha. Katoni ya mapadi ya mwezi watha, analowa 24, ndinagulitsa 24. Ya mwezi winawo chimodzimodzi. Ya mwezi wachitatu chimodzimodzi. Ndinali nditakondwera nazo, kumati tsopano masamu akugwirizana. Miyezi itatu Chitsiriza osatenga paketi, ine n'kumaomba m'manja.

Ndinawauza Mayi Telala zimenezo. Kenako ndinadzuka.

"Ndikukamutenga kusukulu pompano. Andiona lero."

"Ukhala pomwepo. Ukakuwa, mbalame ithawira kwa mwini ulimbo. Akafika, iwe pakamwa utseke, manambala akowo umeze. Wolankhula ndine."

Kuchokera 9 mpaka 12 ndi mphindi 180, ndipo ndinazimva imodziimodzi. Mayi wina anafuna zipi yakuda, ndinamupatsa mabatani oyera. Ndinkaona manja a amayi osweka ndi sopo, manja amene amalipirira fomu 2 ija. Ndinkaona mtsikana wa kachipsera, amene inenso ndinkamugulitsa mafuta. Ndinayesa kukumbukira mapazi a Chitsiriza m'mawa uja. Kodi nsapato inalowa bwino? Kodi sanavutike nayo pachitseko? Timagona pamatiresi amodzi, timafunda bulangete limodzi, koma sindinathe kukumbukira tsiku limene ndinamuyang'anitsitsa komaliza.

Wometa anasuzumira, chipeso chili kukhutu.

"Kodi pakhonde pano pagwa maliro? Makina ali duu, Masamu ali duu. Kapena manambala atha m'dziko?"

"Kamete anthu uko, iwe," anatero Mayi Telala. "Mutu wako womwewo ukusowa lumo."

Chitsiriza anatulukira 12 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Atandiona nditakhala pafupi ndi kajumbo kaja anaima patali, dzanja lili pa kiyi wa pakhosi.

"Bwera, mwanangu, palibe amene akudye," anatero Mayi Telala.

Anamulowetsa kuseri kwa katani kumene makasitomala amayesera zovala, malo oti anthu atatu amapumirana. Ine ndinaima pakhomo nditagwira katani.

"Kweza manja."

Tepi inazungulira chiuno. Mayi Telala anakanikiza chikhadabo pa nambala n'kuweramira pafupi ndi magalasi awo.

"Tulutsa mpweya, usandinamize ndi kukoka mimba."

Anayezanso, n'kunditembenuzira tepi. Chikhadabo chinali pa 26.

Ndinamva ngati wina wanditula thumba la simenti. Ndinaseka kaphwete kopusa, misozi ili m'maso.

"Ndiye siketiyi ndikumasulira ndani?" anafunsa Mayi Telala.

Chitsiriza anayamba kulira. Inali ya mnzake amene amakhala naye desiki imodzi, mwana wa mayi wogulitsa makala kuseri kwa msika.

"Yake ndi ya m'sitolo, ilibe kopindira. Tinagwirizana zosinthana, ndi imene ndavalayi. Iye ali kunyumba, wanamizira mutu. Mayeso atsala milungu isanu ndi umodzi basi, amayi. Chonde, mungomasula, palibe adzadziwe."

"Ndikudziwa kuti palibe adzadziwe. Miyezi ingati?"

"Akuti isanu."

"Kusikelo?"

Chitsiriza anapukusa mutu.

Ine ndinali nditayamba kale kupinda siketi, mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti moto wayaka kwa eni. Apo m'pamene Mayi Telala anafunsa funso limene ine mwini masamu ndinaliiwala.

"Nanga iweyo, mapadi ukuwatenga kuti miyezi itatu yonseyi?"

Chitsiriza anayang'ana pansi.

"Ndimapatsidwa."

"Ndi ndani?"

"Ankolo Basela."

Ameneyo ndi mwini golosale ya pamphambano pomwe msewu wa kusukulu umakumana ndi wathu. Ndi bambo wa imvi, wa banja, wopatsa moni aliyense, ndipo ine ndemwe ndinkamusirira mashelefu ake. Dzinalo anamupatsa ndi ana a sukulu chifukwa mtsikana akagula pensulo amachoka ndi siwiti pamwamba. Ine ndine wamalonda, basela ndimamudziwa. Munthu akagula mabatani khumi ndimaponyapo limodzi kuti mawa abwerenso kwa ine. Basela ndi nyambo, ndipo palibe wamalonda wamutu amene amapereka basela woposa chimene munthu wagula.

"Poyamba anali maswiti basi," anatero Chitsiriza. "Tsiku lija asisi anandikalipira, ndinapita kukangofunsa mtengo wa paketi. Iwo anati tenga, ndi basela, mwana wamkazi asamavutike ndi tizinthu tating'ono. Kenako mafuta. Kenako masokosi."

Mawu akuti tsiku lija anandilowa ngati singano yolowa pansi pa chikhadabo.

"Nanga mnzakoyo, mimba ndi ya ndani?"

Kunja wometa ankaseka ndi kasitomala. Chitsiriza anayankha motsitsa.

"Nayenso anayamba ndi basela."

"Kuseri kwa kauntala kuli kachipinda ka katundu," anatero Mayi Telala modekha, ngati akufunsa mtundu wa ulusi. "Unalowamo?"

"Kamodzi. Anati ndiwathandize kuwerenga makatoni, poti kwathu ndife anthu a masamu."

"Liti?"

"Papita milungu itatu."

"Anatseka chitseko?"

Analira mpaka mawu osamveka. Timawu timene tinatolapo ndi toti bamboyo anamugwira, kasitomala anagogoda pakauntala, iye n'kupulumukira pomwepo. Ndipo posachedwapa bamboyo anamuuza kuti abwerenso Lachitatu likubwerali. Linali Lolemba.

Mayi Telala anamupukuta nkhope ndi kansalu kotsala podula.

"Mwina ndi zokhazo, mwina ukuopa asisi akowa. Mulimonsemo mlandu si wako, wamva? Wamkulu ndi iyeyo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Tepi yanga imachedwa, Masamu. Imayamba kudziwa pa miyezi inayi. 26 ameneyu sakutiuza kanthu."

Thumba la simenti lija linabwerera pamutu. Ndinawoloka msewu ndikuthamanga, osayang'ana magalimoto, kupita kogulitsa mankhwala. Mtsikana wa pakauntala anandiyang'ana pamimba pondipatsa kachipangizo koyezera, ine osasamala. Kiyi wa chimbudzi cha kuseri amasunga wometa. Atationa nkhope anangotipatsa, osaponya nthabwala.

Papepala analemba kuti mzere umodzi ndiye kuti palibe, mizere iwiri ndiye kuti ilipo, ndipo tidikire mphindi zisanu. Tinakaika pa thabwa la makina, tonse atatu n'kuweramira. Ine amene ndimawerengera makatoni m'mutu minibasi ikuthamanga, tsiku limenelo ndinkaopa kusiyana kwa chimodzi ndi ziwiri. Ndinayamba kuwerenga masekondi mokweza.

"Takhala chete, iwe," anatero Mayi Telala. Dzanja la Chitsiriza linali m'dzanja lawo.

Mzere woyamba unatuluka, wofiira. Pambali pake panali poyera. Ndinayang'anitsitsa poyerapo mpaka maso anayamba kundinamiza, ndikuona kamthunzi, n'kuphethira, kamthunzi kulibe. Mphindi zisanu zinatha. Tinadikira zina zisanu. Mzere unali umodzi.

"Mawa tonse atatu kuchipatala, akayeze zonse," anatero Mayi Telala. "Ine ndikakhala pabenchi pomwepo. Wofuna kuyang'ana akayang'ane ine."

Ndinapita patebulo langa, n'kutenga mapaketi awiri, n'kuwaika m'chikwama cha Chitsiriza pakati pa makope.

"Ukafuna uzitapa, osandifunsa."

"Si chitsime, asisi."

Sanalankhule monyoza. Anangondibwezera mawu anga momwe ndinamupatsira, ndipo anali atawasunga miyezi itatu osawonongeka.

"Ndi chitsime," ndinatero. "Ndinalakwitsa kuwerenga."

Mayi Telala anamubwezera siketi yake yosamasula, n'kuvundikira makina ndi nsalu dzuwa lili pamutu, chinthu chimene pa zaka zitatu ndinali ndisanachionepo. Bondo linalira podzuka. Anatenga ambulera.

"Tiye, undiperekeze kwa amake a mnzako."

"Amayi, ndinalumbira kuti sindiulula. Adzandida."

"Akude ali moyo. Tiye."

Kuchipatala mawa lake anatsimikiza kuti Chitsiriza alibe mimba kapena matenda. Amayi titawauza Lamlungu sanakuwe. Anangokhala pamatiresi atagwira kiyi uja, kumutembenuzatembenuza. Mnzake wa Chitsiriza anayamba sikelo sabata lomwelo, ndipo anamupeza magazi akuthamanga kwambiri, n'kumupatsa mankhwala. Mayeso sanalembe. Akakumana ndi Chitsiriza panjira amayang'ana kumbali, ndipo Chitsiriza amabwera kudzalirira kuseri kwa katani.

Golosale inatsekedwa masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi tinangoona chitseko chatseguka, Ankolo Basela akusesa pakhomo ndi kupatsa anthu moni. Akuti nkhani ikukambidwa ndi akuluakulu. Mayi wa makala wapitako katatu, Mayi Telala kawiri, ndipo ine sindikudziwa kuti idzathera pati.

Pano Chitsiriza akaweruka amabwera pakhonde, maola onse asanu ndi limodzi. Amakhala pa katoni ya sopo pakati pa tebulo ndi makina, m'mapazi asanu ndi limodzi aja. Tsiku lina anapempha kuti aphunzire kupalasa, Mayi Telala n'kumumenya padzanja ndi tepi.

"Makina awa ali ndi wophunzira mmodzi, ineyo, ndipo ndi wokwanira. Gwira kope."

Masiketi akusokabe ndi mainchesi awiri m'kati. Ndinawafunsa ngati sikukanakhala bwino kusiya, iwo anati ana amakulabe, ndipo makolo alibe ya nsalu yatsopano. Koma ndimaona choko chikaima pansalu asanajambule mzere wachiwiriwo.

Ine ndapeza china chowerenga. Ndikaima kumapeto kwa khonde, chitseko cha golosale chimaoneka bwinobwino. Kuyambira 12 mpaka 1 koloko ndimaima pamenepo, malonda n'kumusiyira Chitsiriza, ndikuwerenga masiketi olowa ndi otuluka. Dzulo analowa khumi ndi mmodzi. Ndinawerenga otuluka, ena akumatula maswiti, ena akukankhana ndi kuseka. Anakwana khumi.

Ndinadikira mphindi imodzi, ndikudziuza kuti mwina ndaphonya wina pamene basi inadutsa. Ndinadikira yachiwiri. Pakauntala sipankaoneka munthu.

"Amayi," ndinaitana osachotsa maso pachitsekocho. "Mmodzi sanatuluke."

Kumbuyo kwanga makina anaima pakati pa msoko. Ndinamva mapini akugwera m'mbale, kenako bondo lija likulira.

"Chitsiriza, usasunthe pamenepo," anatero. "Iwe wometa, siya mutuwo, tiye. Masamu, tsogola, miyendo yako ndi yachangu."